Utsi pa Ngolo ya Amayi

Saigon
26 Novembala 2023

Okondedwa achimwene a Phuoc,

Gam, mkazi wanu uja mumamutcha wofatsa, wandivula pamaso pa anthu onse a m'kanjira kathu. Ndayamba ndi dzina lake dala, kuti musavutike kulifunafuna m'munsimu. Ndikudziwa kuti kalata ya munthu woleredwa bwino imayamba ndi kufunsa za moyo, ndipo ndifunsa ndithu, koma kumapeto, mtima ukatsikako. Panopa ndiloleni nditulutse kaye chimene chandikhala pakhosi.

Mudabwa kulandira kalata yapamanja pamene foni ndili nayo. Pa foni mumandidula. Ndikangoti "alamu," inu mwayamba kale, "Quyen, Quyen, ndangoweruka kumene, kuno ku Japan kukuzizira, tikambirana mawa," basi nkhani yafera pomwepo. Pepala silidula munthu pakamwa. Muwerenge mpaka kumapeto, kenako mukafuna mukulungire nsomba za ku fakitale kwanuko.

Mukukumbukira ntchito yanga ya m'mawa ndili mwana? Simungaiwale, poti inkakupwetekani mtima. Amayi ankati malonda a tsiku lonse amatsata phazi la munthu woyamba kugula: akakhala wa mzimu wopepuka, buledi amatha dzuwa lisanapse, akakhala wa mzimu wolemera, ubwerera ndi dengu lodzaza. Ndipo wopepuka m'nyumba mwathu ndinali ine. Ankandipatsira ndalama kuseri kwa chitseko, ine n'kutulukira khomo lakumbuyo, kuzungulira kwa amayi Sau ogulitsa khofi, n'kufika pa ngolo ya banh mi, buledi uja woikamo nyama ndi masamba, ngati mlendo, yunifolomu ili m'thupi, chikwama kumsana.

"Zikomo mayi ogulitsa, banh mi mmodzi. Tsabola wambiri."

"Ii, bwana afika! Koma bwana osapesa tsitsiwa achokera kuti?"

"Kutali. Fulumirani, ndege indisiya."

Ankaseka tsiku lililonse ngati akumva koyamba. Inu munayesapo kamodzi, nditadwala chikuku. Mvula inagwa tsiku lonse, tayala la ngolo linaguluka, ndipo amayi anakulamulani kuti muzidutsa tsidya lina la msewu mpaka munthu wina atagula. Ine ndinatsegula ngolo ija mpaka kumaliza sekondale, ndipo ngakhale nditayamba ntchito ku fakitale ya nsapato, Lamlungu lililonse ndinkadzuka m'bandakucha kukwera basi kuti ndikhale woyamba.

Amayi atamwalira, ngolo inaima pakhonde itakutidwa ndi pulasitiki. Kenako fakitale inatichotsa ntchito, ife a mzere wonse womata zidendene. Titatha mwambo wa maliro wa masiku zana, ndinu nomwe munagamula pa foni, ana akulimbirana kuti akuoneni nkhope: "Ngolo ndi ya amayi, isagulitsidwe. Gam azikonza, Quyen azigulitsa, mudye nonse." Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri, achimwene, chifukwa china chogwira ndinalibe. Ndinayamba kulongedza katundu m'chipinda chimene timachita lendi ndi anzanga awiri kufupi ndi fakitale, ndikuti ndikubwerera kwathu.

Tsopano pali chimene simukuchidziwa. Ndichilemba kamodzi, mwachidule, ndipo musandifunse mafunso. Loc uja ndinkati ndi mnzanga wa kuntchito sanali mnzanga chabe. Ntchito itatha anabwerera kwawo ku Ca Mau, nambala yake n'kusiya kulowa. Ine ndinatsala ndili woyembekezera. Kumayambiriro kwa Okutobala ndinapita padera.

Ndinene zoona, poti bodza ndimadana nalo kuposa momwe ndikudanira ndi mkazi wanu. Masana amenewo anzanga kunalibe, ndipo munthu amene ndinamuimbira ndi Gam. Anasiya mpunga pamoto, anabwera ndi njinga yamoto, ananditengera kuchipatala nditamukoleka m'chiuno. Zovala zanga anachapa ndi manja ake. Anandiphikira phala la mpunga lothira jinja, n'kumandimwetsa ngati khanda. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mlamu, izi zathera pa ine ndi iwe. Ngakhale mchimwene wako sadzamva." Pochoka anawonjezera kuti, "Upume. Ku ngolo usaonekereko mpaka mwezi utakwana." Ine, wopusa ine, ndinayesa ndi chifundo.

Zoti mkazi wopita padera amayenda ndi minyama mpaka mwezi utatha ndinazimvapo, monga momwe munthu amamvera za njoka za kudziko lina. Sindinaganize kuti zikunena ine. Mumadziwa mmene ndimasekera zikhulupiriro za m'kanjira kathu, zosameta tsitsi mayeso ali pafupi, zosajambulitsa muli atatu. Zonsezo ndinkaziseka, kupatula chimodzi chokha chimene chinkandikomera.

Tsiku lotsegula sanandiuze. Ndinaliona pa foni, amayi Sau ataika chithunzi cha ngolo itatsukidwa, magalasi akuwala, pansi pake atalemba kuti, "Mawa banh mi wa malemu mayi Tu abwerera." Ndinati alamu aiwala chifukwa cha kutanganidwa. Ndinatinso, ngolo ya amayi ingatsegulidwe ndi ndani ine ndili moyo? Ndinavala bulawuzi yoyera, ndinabaya kansalu kakuda ka maliro pachifuwa, ndinakwera basi yoyamba. Msana unkandipwetekabe, koma ndinali wokondwa. Chimwalirire amayi, m'mawa umenewo unali woyamba umene ndinadzuka ndili ndi kopita.

Ndinazungulira kwa amayi Sau monga kale. Wobweretsa buledi anali atangochoka, dengu likufuka nthunzi, makala a m'mbaula atayaka bwino. Gam anali atavala epuloni ya amayi, ya maluwa abuluu ija. Sanandione, chifukwa maso ake anali kumunsi kwa kanjira, ku nyumba ya bambo Nam ometa tsitsi, onenepa aja amaseka ngakhale pamaliro. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti anali atapangana nawo kuti adzatsegule ndi iwo, koma iwo anachedwa kufunafuna patapata.

"Zikomo mayi ogulitsa," ndinatero, "banh mi mmodzi. Tsabola wambiri."

Anatembenuka ngati munthu amene wapeza njoka m'dengu la buledi.

"Quyen! Wabwera bwanji?"

"Pa basi. Fulumirani, ndege indisiya."

Sanaseke. Anapukuta manja pa epuloni, manja ouma kale.

"Ndinati upume, mlamu. Takhala apo kwa amayi Sau, umwe kaye khofi, ndikukonzera pompano."

"Khofi ndimwa pambuyo. Ndabwera kudzatsegula."

"Dikira pang'ono chabe. Bambo Nam akubwera."

"Bambo Nam anayamwa bere la amayi?"

Apo amayi Sau anakuwa ali pa ketulo yawo: "Iwe Gam, woyamba sabwezedwa! Ukufuna kutseka tsiku lomwe watsegula? Mpatse mwana wa mwini ngolo!"

Ndiye anakonza. Anatenga buledi, anamutembenuza kawiri pa makala, anamung'amba ndi mpeni wa amayi wa chigwiriro chomangidwa ndi waya. Mbali ina anapaka pate wa chiwindi, mbali ina batala wa mazira. Anayala nyama, nkhaka, karoti wowawasa, masamba, tsabola, timadontho ta msuzi wa soya, n'kukulunga m'pepala, kamphira pamwamba. Sanandiyang'ane m'maso, ine n'kumati ndi chisoni chokumbukira amayi. Ndinapereka ndalama ndi manja awiri, osanenerera, monga amachitira wotsegula. Anailandira ndi nsonga za zala, ndipo sanaiponye m'chitini, anaiika pamwamba pa galasi. Ndinaona, koma sindinamve chimene ndinaonacho.

Ndinakhala pa kampando kofiira ka pambali pa ngolo n'kuluma.

Achimwene, ndikanakonda ndikanakulemberani kuti anali woipa. Ndikanakonda ndikanati pate anali wamadzi, karoti wovunda, kuti mkazi wanu wanyazitsa dzina la amayi. Sizili choncho. Khungu la buledi linaphwanyika m'kamwa, nyenyeswa zinagwera pa siketi, ndipo pate uja anali wa amayi. Sindikuti wofanana, ndikuti yemweyo: kafungo ka tsabola wakuda kaja kobwera mochedwa utameza kale, ndi kuwawa pang'ono kwa chiwindi kumene amayi ankati ukakuchotsa konse wachotsa nyama. Ndinatseka maso, ndipo amayi anali ataima pamenepo akundinena za tsitsi. Pamaliro sindinalire kwambiri, munaona nokha pa foni, anthu mpaka anandinena kuti ndine wouma mtima. Pa kampando kaja ndinalira, tsabola akundithandiza.

Zaka zonse zimene ine ndinali kusukulu ndi kufakitale, Gam anali m'khitchini, akusenda adyo, akuyang'ana manja a amayi. Ndinaimirira n'kumuuza kuti, "Alamu, mwatha. Amayi akanakondwa." Chikwatiwire kwathu sindinamuyamikirepo chilichonse, mukudziwa. Tsiku limenelo ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Iye anangogwedeza mutu, maso ali pansi.

Ndinatsanzika kupita kokwerera basi. Ndili pa ngodya ya sitolo ya mankhwala ndinakumbuka kuti sindinagulire amayi. Ndinati ndibwerere, nditenge wina, ndikamuike patsogolo pa chithunzi chawo, alawe okha ntchito ya mpongozi wawo. Ndisanakhote n'komwe ndinamva fungo la pepala lopsa.

Gam anali ndi pepala loyaka m'manja, limodzi mwa mapepala omwewo okulungira buledi. Ankazungulira ngolo atawerama, akupititsa moto pansi pa galasi, pa matayala, pamwamba pa dengu. Ndalama yanga ija anaidutsitsa mu utsi. Kenako anafika pa kampando kamene ndinakhalapo, anakatembenuza, n'kukafukiza ngati mmene timachitira ndi bedi la nsikidzi. Pomaliza anaponya pepala pansi n'kumalilumpha uku ndi uku, akunong'ona kuti, "Wabwino khala, woipa pita. Wabwino khala, woipa pita."

Anthu anali atayamba kuchuluka. Anyamata a njinga zamoto ankamwa khofi wawo, azimayi awiri ankachokera kumsika, bambo Nam nawo anali atafika ndi patapata wosiyana mitundu. Palibe anandiona, ndinali kuseri kwa mtengo wa magetsi.

Amayi Sau anati, "Gam, wapenga? Ukuwotchera Quyen? Mwana amene watsegula ngoloyi kuyambira asanagweremo mano? Ngati ndi za maliro, nawenso wabaya kakuda pachifuwapo. Udziwotchere wekha!"

Mkazi wanu, osadzutsa mutu, akulumphabe moto wake, anayankha kuti, "Si za maliro, mayi. Mwezi wake sunakwane."

Mawu ake ndi amenewo, sindinawonjezere kapena kuchotsera. Anyamata a njinga anatsitsa makapu awo a khofi. Ine ndinatuluka kuseri kwa mtengo uja, sindikudziwa chifukwa chake, miyendo inangoyenda yokha. Maso a amayi Sau anachoka pa utsi, anafika pa nkhope yanga, n'kutsikira pamimba. "Ooo," anatero. "Ooo, mwana wa Tu." Pamenepo ndi pamene Gam anadzutsa mutu.

Ndinati, "Alamu, mapepala atsala? Muwotchenso apa ndaimapa."

Buledi wa amayi sindinagule.

Kanjira kathu mumakadziwa: ukayetsemula kumayambiriro, akumapeto amakufunsa za chimfine. Nditapitanso mwezi wakumwamba uli wathunthu kukayatsira amayi zofukiza, mpongozi wa bambo Nam, amene ali ndi pakati, atandiona analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mayi wogulitsa mpunga womata anayamba kumangamanga zinthu zomangidwa kale, kudikira kuti ndidutse. Mmodzi wa anyamata a njinga anakuwa kuti, "Mlongo, ndikuperekeze? Ine sindithawira ku Ca Mau!" Anzake onse gwa kuseka. Za Ca Mau ankadziwa munthu mmodzi yekha padziko lino. Kaya amayi Sau anamufinya bwanji, kaya anangokhuthula yekha, ine sindinafunse.

Ndipo mudziwe kuti tsiku lotsegula lija buledi anatha dzuwa lisanapse. Akuti moto unagwira ntchito. Akanapanda kutha akanati ndi Quyen. Tandiuzani inu, achimwene, pamenepa ndikanapambana bwanji?

Nditayatsa zofukiza ndinamupeza Gam m'khitchini akupera chiwindi.

"Munalumbira," ndinatero.

"Sindinafune. Zinangotuluka."

"Mawu amatuluka okha ngati kuphwisa?"

"Quyen, ndili ndi ana awiri, mwamuna ali kutsidya kwa nyanja, ngolo ndi imodzi. Ndinakupempha kuti udikire. Pa ngolo pomwe ndinakupemphanso. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ndikanadikira munthu akwere basi."

"Ndinayesa wapita. Ukachedwa zimalowa m'katundu."

"Ine ndine chinthu cholowa m'katundu? Ngati mphemvu?"

Anaima kupera. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chichitikire zija, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi akanachita chimodzimodzi. Anandiphunzitsa ndi iwo. Mawu aja ndi awo."

Ndinafuna kumuthira mbale yonse ya chiwindi kumaso. Sindinatero, chifukwa sananame. Mawu aja ndi a amayi, ndipo inunso munawamvapo. Anawotchera bambo uja wonenerera mtengo n'kuchoka osagula, anawotchera mkazi wa telala atangobereka, anawotchera anthu ambirimbiri, nkhope ili gwa ngati akusesa pakhomo. Koma ine? Akanandiwotchera ine? Ndinabwerera pa chithunzi chawo n'kuwafunsa. Mukuchidziwa chithunzi chija, chimene anajambulitsa pa ukwati wanu, akumwetulira ndi milomo yotseka kubisa dzino losweka. Anangomwetulira choncho. Mpaka lero sindikudziwa yankho, ndipo amene akanandiyankha kulibe.

Mwina mukuti, nanga n'chiyani, pepala limodzi lokha. Ndikuuzeni. Kufakitale ndinali nambala ya pa khadi. Kwa Loc ndinali chimene ndinali, mwaona nokha mathero ake. Ngolo ija inali malo okhawo padziko pamene kufika kwanga kunali nkhani yabwino. Ndicho chimene chinapsa.

Musaganize kuti ndinangokhala pansi n'kumalira. Ndinati ndiyambe yanga, kutali, pa geti la fakitale ina. Ndinagula chiwindi ndi mafuta a nkhumba, ndinanyika mu mkaka monga ndinkaonera, ndinapera, ndinaphika pa nthunzi m'kampoto ka anzanga. Koyamba anatuluka wowawa ngati ndulu. Kachiwiri mnzanga wina analawa n'kunena kuti, "Quyen, ntchito ya zidendene sunaiiwale." Kachitatu sindinayese. Zaka zonse zija ndinaima kutsogolo kwa galasi, kuseri sindinapiteko. Ine ndinaphunzira kugula, mkazi wanu anaphunzira kuphika.

Mwezi utakwana anabwera kuchipinda kwathu. Anaimika njinga pakhomo, mabuledi awiri ali m'jumbo, epuloni ikadali m'chiuno, kusonyeza kuti anangotseka n'kunyamuka.

"Mwezi wakwana, mlamu. Mawa ubwere udzatsegule monga kale. Mchimwene wako anati tigwire tonse."

"Ndiye lero ndayera?"

"Usatero."

"Yandisambitsa ndi kalendala? Dzulo ndinali mphemvu, lero ndine mankhwala a malonda?"

"Ndinalakwa, ndavomera. Ukufuna ndigwade? Ndigwada pompano."

"Mukagwadire amayi Sau, akubwezereni mawu aja muwameze."

Analira. Ndikuuzani kuti musadzati ndinabisa: analira zenizeni, mamina ndi misozi, anthu a zipinda zina mpaka anasuzumira. Ndipo kanthawi kochepa mtima wanga unafuna kufewa, chifukwa ndinakumbuka msana wake tsiku lopita kuchipatala, mmene unkanunkhira utsi wa mpunga, ndi mmene ankanenera kuti, "Gwiritsa, mlamu, tafika, tafika." Koma akutulutsa kansalu kopukutira m'maso, ndinaona bokosi la machesi m'thumba la epuloni. Mwina ndi a mbaula. Mwina. Koma ndinadziwa pomwepo kuti moyo wanga wonse pa ngolo ija ndidzakhala ndikuyang'ana thumba limenelo. Tsiku loyamba kanjira konse kadzabwera kudzaonerera ngati kwafika zisudzo. Tsiku limene mvula idzagwe, buledi n'kutsala, maso onse adzatsikiranso pamimba panga, ndipo dzanja lake lidzapita lokha m'thumba, ngakhale iye asakufuna. Ine sindingagulitse chakudya ndikudikira utsi kumbuyo kwanga.

Ndinamuuza kuti apite, ana akumudikira. Jumbo anaikoleka pa chitseko. Ndinati ndipatse agalu, koma madzulo ndinadya onse awiri, nditaimirira, ngati wakuba. Njala sidziwa mkwiyo. Anali atazizira, khungu litafewa, koma anali okomabe, ndipo chimenecho sindidzamukhululukiranso.

Choncho mawu anu aja akuti "mudye nonse" ndikukubwezerani, achimwene, mwaulemu. Ngolo ndi ya Gam. Anaigwirira ntchito, ndipo dzina la amayi lili bwino m'manja mwake kuposa mwanga. Ine sabata yamawa ndikupita ku Binh Duong. Mnzanga akuti fakitale ina ya mipando imatenga akazi opalira matabwa, ngakhale akutinso pa geti pamakhala anthu ambiri kuposa mipandoyo. Akanditenga ndikulemberani adiresi. Akapanda kunditenga, sindikudziwa, ndipo musandifunse, chifukwa nanenso ndasiya kudzifunsa.

Ndili ndi zopempha zochepa. Musamuimbire foni kumukalipira. Ana amamva zonse, ndipo kukalipa kwanu sikubweza mawu m'kamwa mwake. Musandiimbirenso ine kundiuza kuti ndikhululuke, kuti magazi ndi magazi, kuti amayi sakanakondwa. Zimene amayi akanachita tazisiya, sitikuzidziwa. Za Loc musafufuze, munthu wake sakwana ngakhale mtengo wa foniyo. Ndipo ngati mwandikwiyira chifukwa cha zimene ndakuululirani, kwiyani muli komweko, pofika chaka chatsopano zidzakhala zitazizira.

Tsopano ndifunse za moyo, monga ndinalonjezera. Muli bwanji, achimwene anga? Pa foni tsiku lija ndinaona zala zanu zitang'ambika ndi madzi oundana, inu n'kumazibisa pansi pa tebulo. Muzivala magolovesi awiri, musamachite manyazi ndi anzanu. Mpango umene amayi anakulukirani muziuvala, ngakhale mtundu wake uli wonyansa; anauluka maso atayamba kale kuvuta. Muzidya chakudya chotentha, osati zakudya za m'mapaketi zokhazokha. Mundiperekere moni kwa anzanu a m'chipinda, makamaka wa ku Nghe An uja amaimba moipa kumbuyo kwanu mukamaimba foni. Mumuuze kuti mlongo wanu wa pakamwa poipa akuti asasiye, nyumba yopanda phokoso si yabwino.

Kuno mvula yayamba kuchepa, madzi sakulowanso m'nyumba. Denga la kukhitchini likudonthabe pa ngodya ija munamata. Ana anu ndikumva kuti ali bwino. Ti wayamba kulankhula, ndipo mawu ake oyamba omveka ndi "tsabola." Bong wagweramo dzino lakutsogolo. Sindinawaone chichokere tsiku la zofukiza lija, koma dzana amayi Sau aikanso chithunzi pa foni. Ndi Bong, atavala yunifolomu, chikwama kumsana, tsitsi losapesa, ataima kutsogolo kwa galasi, akupereka ndalama ndi manja awiri. Alemba kuti mzimu wake ndi wopepuka, buledi akutha m'mawa. Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Waima pamalo enieni, pamene simenti inasweka. Mukamalankhula naye mumuuze kuti azakhali ake akuti... ayi, musamuuze kanthu. Asangalale nazo zikadalipo.

Mukadzabwera pa chaka chatsopano, ine mwina sindidzakhalako. Mudzandichitire chinthu chimodzi chimene ndinalephera m'mawa uja. Mudzagule banh mi mmodzi pa ngolo, tsabola wambiri, mudzamuike patsogolo pa chithunzi cha amayi, n'kuwauza kuti wachokera kwa bwana wawo wosapesa tsitsi, ndege inamutenga. Koma musadzapite woyamba. Mzimu wanu mukuudziwa.

Nkhani ya Gam ndaitsekera m'kalata muno. Sindidzaitchulanso, kwa inu, kwa iye, ngakhale kwa amayi ndikamawayatsira zofukiza kumene ndikupitako.

Ndine mlongo wanu,

Quyen